Makapu Awiri a Tiyi

Atangoti "Amen", wina anagogoda pachitseko.

Masiku makumi awiri ndi limodzi mayiyu anakhala akusala kudya, pempho lake lili limodzi basi: Ambuye, ndibwezereni mwamuna wanga. Pokhala tsiku lomaliza, anali atathira kale tiyi m'makapu awiri, monga anamulangizira amayi busa.

Anatsegula. Analidi mwamuna wake, atavala malaya amene mkaziyo sanawachapepo.

"Bambo a mwana, mwabwera?"

"Ndangobweretsa makiyi anu. Sindidzawafunanso."

Anawaika pambali pa kapu yachiwiriyo, natuluka osakhala n'komwe pampando.

Mayiyo anayang'ana makiyiwo. Ndiye yankho lake limeneli? Kubwera wabweradi, nanga si zomwe anapempha? Kapena zonse zinawonongeka Lachitatu lija, ataiwala n'kulawa mchere m'chakudya cha mwana? Kapenatu Mulungu anamva bwinobwino, wosamva anali mwini pempholo?

Anadikira misozi, koma sinabwere. Imene inabwera ndi njala, yoopsa.

"Ambuye, ine sindikumvetsa," anatero, akunyema buledi.

Anamwa tiyi wake mpaka kutha. Anayang'ana chitseko kanthawi, kenako anakoka kapu inayo, namwanso.