Makhadi a Egya Atta

Ekow Baidoo anagawa makhadi osayang'ana kumanzere kwake. Kumeneko kunali Egya Atta, chipewa pabondo, magalasi akuda kumaso monga amachitira akatswiri a poka, akutafuna nthochi yokazinga ngati munthu wopanda mlandu.

Gululi linkakumana Lamlungu lililonse masana pakhonde la kuseri kwa nyumba ya Ekow ku Takoradi. Malamulo ake anali ochepa koma ouma. Geti amakhoma. Mlendo salowa popanda womubweretsa. Mowa umatuluka masewera akatha. Wobera amachotsedwa tsiku lomwelo, pamaso pa onse. Lamulo lomalizali linabwera chaka chimene amuna awiri anatemana ndi mabotolo pakhonde lomweli, wina mpaka kukasokedwa tsaya kuchipatala. Amene analikhazikitsa anali Egya Atta omwewo.

Mkuluyu ndiye anaphunzitsa Ekow poka wakale wa makhadi asanu m'manja, amene anamudziwira pa sitima zapamadzi ali mnyamata. Bambo ake a Ekow atamwalira, ndi iwo anamutsogolera kukafunsira mbeta. Choncho atayamba kubwera ndi makhadi awoawo, ati a gulu atha ngati nsanza, palibe anatsutsa. Atasiya kugawa, ati nyamakazi yawagwira zala, palibe anafunsa.

Amene anafunsa ndi Fiifi, wogulitsa zitsulo za magalimoto, munthu wa mtima wapachala. Lamlungu lapitalo anatsalira anzake atapita, natenga khadi limodzi n'kuliloza kudzuwa. Pangodya panali timabowo ting'onoting'ono. Anatenga lina, nalonso linali nato, koma tondandalikidwa mosiyana.

"Khadi lililonse lili ndi dzina lake, Bra Ekow," anatero Fiifi. "Ife tikubisa, iwo akuwerenga kuseri kwa magalasi aja. Mukapanda kuwachotsa m'gulu mkuluyu inu ndiwachotsa ine, ndipo njira yanga simudzaikonda."

Sabata yonse chakudya sichinamukomere Ekow. Ankatenga foni kuti awaimbire, akambirane awiriwiri, koma ankaibwezanso m'thumba. Munthu amene anakuimira ngati bambo umayamba bwanji kumufunsa zakuba? Lero mkuluyo anafika anthu onse asanabwere, monga mwa masiku onse, atanyamula nsomba zowamba za mkazi wa Ekow. Ekow anazilandira ndi manja awiri, n'kuthokoza, mumtima akudziona ngati wogulitsa mnzake.

Tsopano Egya Atta anasisita makhadi awo ndi chala chachikulu, pang'onopang'ono, kenako anawayala patebulo. Anali atapambananso.

Mpando wa Fiifi unagwa chagada. Ekow anaona dzanja la Fiifi likufunafuna chogwira, ndipo anadziwa kuti akachedwa magazi adonthanso pakhonde lake.

"Khala pansi, Fiifi. Egya, pepani, imani kaye." Anatola khadi n'kulikweza kuti onse aone kuwala kukudutsa. "Timabowo iti n'tachiyani?"

Egya Atta anatembenukira kwa Ekow.

"Ndi ta singano, mwana wanga."

"Ndiye kuti timabowoti mukutidziwa?"

"Ndikutidziwa."

Ekow ankafuna bodza. Bodza lililonse akanalilandira: kuti ndi njenjete, kuti ndi adzukulu, kuti anagula ali choncho. Koma mkuluyo anangoika manja pamaondo.

"Mwamva nokha!" anakuwa Fiifi. "M'mawa kutchalitchi, masana singano! Imvi zonsezi, Egya, manyazi mulibe?"

"Ndati khala pansi!" Ekow anatembenukira kumanzere. "Lamulo mukulidziwa, Egya."

"Ndinaliika ndine. Usanjenjemere, Ekow, ukuchita zoyenera. Gulu lopanda lamulo limathera kuchipatala."

Anakankhira pakati pa tebulo zonse zimene anapambana, navala chipewa, naimirira. Palibe anawatsanzika. Amene anaseka nawo zaka zonsezi anali atazolika, aliyense akuyang'ana zala zake.

"Tandiperekeza pageti," anatero mkuluyo, naika dzanja paphewa la Ekow.

Dzanjalo linali lopepuka, koma Ekow analimva ngati thumba la simenti. Anadutsa pambali pa nyumba. Ekow ankafuna kunena kuti zikadzazizira adzawaitananso, koma onse awiri ankadziwa kuti wochotsedwa sabwerera. Ekow anatsegula loko.

Kunja, pansi pa mtengo wa mango, Araba, mwana wamkazi wa Egya Atta, anali kucheza ndi mayi wogulitsa malalanje, kudikira kuti awatenge monga ankachitira nthawi zonse. Atawaona anadzambatuka, nathamangira kudzawagwira mkono.

"Mwatuluka msanga bwanji, Paapa? Kapena ndasokonezanso timabowo tija?"

"Tiye kunyumba, Araba."

"Ayi, lero ndinena. Bra Ekow, alankhuleni inuyo, ine ndatopa kuboola makhadi. Maso awo anafa chaka chatha, ngakhale khadi lili m'manja mwawo saliona, amaliwerenga ndi chala. Koma akuti anzawo akadziwa adzayamba kuwamvera chisoni, n'kumawasiyira dala kuti apambane."