Ukonde Wosakhudzidwa ndi Mkazi

"Wagwiranso ukonde wanga eti?" Rahimu anakalipira mkazi wake Hajira, akuponya pansi dengu lopanda kanthu. "Dzanja la mkazi limathawitsa nsomba. Mwano unatola kothawa nkhondo ku Malawi ukanausiya komweko."

"Ndinangousuntha, bambo, kuti mbuzi zisautafune."

Rahimu anautentha ukondewo n'kukagula wina kumsika wa ku Entre Lagos. Tsiku lotsatira anabwera kuchokera kunyanja ya Chiuta dengu litadzaza milamba.

"Waona? Uwu sunakhudzidwepo ndi mkazi. Ukangouyandikira ndikuthyola zala."

Kuluka maukonde Hajira anaphunzira kumsasa wa othawa nkhondo, ndipo mwamuna wake akakhala kunyanja ankalukira mobisa wamalonda wa ku Entre Lagos. Anayang'ana mfundo za ukonde watsopanowo, anazizindikira kuti n'zake, n'kubisa zala zake m'chitenje chake cha kapulana.