Lamba Amene Anati Anawotcha

Zaka makumi awiri zapitazo, atagwa pa pholo akukonza mawaya a magetsi, bamboyo analonjeza mkazi wake kuchipatala kuti sadzakweranso, ngakhale padenga.

Tsopano pamawaya amene anathyokera mwendo aja pankangotera mbalame. Firiji inali itazima masiku anayi, mankhwala a shuga a mkazi wake ali momwemo. Sola anaiyala pabwalo, koma kunja kunali mitambo. Yambiri inali mphepo. Anadula mapiko kuchokera ku paipi n'kuwamanga pa mota yakale ya makina ochapira kuti mphepo izipanga magetsi. Chotsala chinali kukaimangirira pamwamba pa pholo limene anazika kuseri kwa nyumba.

"Dikirani mwana wanu abwere Loweruka," anatero mlamu wake.

"Mankhwala amadziwa Loweruka, alamu?"

"Achemwali akakuonani akuthyolani mwendo winawo musanakwere n'komwe."

Mkaziyo anatuluka m'nyumba pang'onopang'ono, atakulunga chinthu m'thaulo. Anali lamba wachitetezo wokwerera mapholo, amene mkaziyo anati anawotcha kalekale.

"Mwanenepa, bambo. Boolani bowo lina."

Anaboola ndi msomali, anamanga lamba, n'kukwera.