Kalata ya Adokotala a Ennie

A Gordon Ng'uni anakana mpando. Anakhala pamtondo wogoneka pafupi ndi nkhokwe, kuti aziona bwino nkhope ya mayi amene iwo ankati wawaphera mwana.

Munali mu Okutobala 1956, patangotha sabata chiikireni Ennie m'manda. Kwa zaka zitatu mwana wawoyo ankatsegula m'mimba zamagazi. Ankapezako bwino mwezi umodzi, kenako n'kuyambiranso. Anaonda mpaka makoza ankavuka okha m'manja. Nthawi yonseyo womuphikira anali mmodzi, apongozi ake, a Doris. Choncho a Gordon anachoka ku Tembwe m'mamawa ndi mawu amodzi: mayiyo asamuke pamudzipo mvula isanagwe.

A Doris anali pamphasa, mutu wometa uli chowerama. Abale a mbali zonse ziwiri anadzaza bwalo.

Kenako anaimirira Meshack, mwamuna wa malemuyo, amene anapita ku Lusaka kukaphunzira zachipatala n'kubwerako asanamalize. Anasolola kalata m'thumba la malaya. Inali yotayipa, ili ndi chidindo m'munsi.

"Atate, iyi analemba ndi adokotala amene anamupima Ennie. Ndiwerenge?"

"Werengani, akamwini. Sukulu inakukanikani, kapena kalata yokha muikwanitsa."

Meshack anatambasula kalatayo. Ankawerenga mzere m'Chingerezi, n'kumasulira. Akuti matumbo a Ennie anali ndi zilonda m'kati. Akuti sanapezemo njoka zam'mimba kapena mankhwala odyetsedwa. Akuti iwo akukayikira kachilombo kakang'ono zedi, koti ngakhale galasi lakuchipatala silikaona, kamene mwina kanalowa ndi chikuku cha 1953 n'kutsalira m'matumbo.

Anthu anayang'anana. Chikukucho palibe anachiiwala. Chinatenga ana asanu pamudzipo, ndipo Ennie anagona nacho milungu iwiri ali mkwatibwi.

"Mwina?" anatero a Gordon. "Manje mwana wanga wafa ndi mwina?"

"Nawonso sadziwa zonse, atate. Koma akuti si chakudya cha amama."

"Bweretsani kuno pepalalo."

Wina anaseka chamumtima kumbuyo, poganiza kuti mkuluyo angoyang'ana chidindo. Sankadziwa kuti a Gordon anaphunzira kuwerenga Chingerezi ali msilikali kunkhondo, ndipo mkuluyo sanaonepo chifukwa chouzira munthu. Anayendetsa chala mzere ndi mzere, milomo ikugwedera. Atafika pansi anabwereranso pamwamba.

Anadzutsa maso n'kumuyang'ana Meshack nthawi yaitali. Lero ndiye anaona mmene mnyamatayo anathera. Kolala inkamuzungulira khosi ngati ya mwini wina, ndipo maso anali atalowa. Anapinda kalatayo bwinobwino n'kumubwezera ndi manja awiri.

"Zalembedwa momwemo," anatero mokweza. "Asewere, dzukani. Pamudzi pano ndi panu."

Apo m'pamene a Doris analira, kulira kwenikweni, azimayi n'kuwagwirira.

A Gordon anatola ndodo yawo nauyamba wa ku Tembwe dzuwa lili paliwombo, osadikira ngakhale madzi akumwa. Chimene chinapha mwana wawo sanachidziwebe. M'kalatamo munalibe za zilonda kapena za kachilombo. Inali yochokera kwa mkulu wa sukulu, yochotsa Meshack chifukwa chothawa kachitatu popanda chilolezo kukadwazika mkazi wake.