Njuchi za Bambo a Eluby

Msomali unali utaloza kale pansi pa mtsuko, mwala uli m'mwamba, pamene Falesi anatulukira kuseri kwa nyumba.

"Bambo a Eluby! Mtsuko wangawo mukuutani?"

"Ndikuboola polowera njuchi," anayankha amuna akewo osacheuka. "Ukhala mng'oma. Simukuziona zadzaza pa maluwa a mpiruwa?"

Mtsuko wotungira madzi unali womwewo basi pakhomopo, ndipo amene anauumba anamwalira kalekale. Falesi anayang'ana tizilomboto. Tinali tachikasu ndi mizere yakuda, inde, koma tinkangoima m'malere ngati tapachikidwa pa ulusi, kenako n'kudumphira pambali.

Anawakha kamodzi n'kukafumbata.

"Mayi a Eluby, ikulumani!"

Sikanamulume. Anakagwira phiko n'kukafikitsa pamphuno pawo.

"Mbola yake ili kuti? Iyi ndi ntchentche, yangobwereka malaya a njuchi."

"Zilipo zachizungu zosaluma. Ndinamva pa wailesi."

Falesi anawagwira pamkono n'kuwakokera kuseri kwa khola la nkhumba. M'chithaphwi chonunkhacho munali mphutsi za michira itali-itali, ndipo tizilombo tomwe tija tinkatera pamatope.

"Kwawo ndi kuno. Ana awo ndi awa. Mwaona tsopano?"

Bambowo anawerama, nayang'anitsitsa nthawi yaitali, akugwedeza mutu ngati munthu wazindikira.

"Mwathandiza, mayi," anatero. "Ndiye kuti mng'omawo tiuike pompano."

Falesi anathamanga, nakakhala pa mtsuko wake.