Mfuti Yaikulu ya Nurettin

Panali munthu wina kwathu kuno kumapiri a Artvin, dzina lake Nurettin. Nkhaniyi ndi yoona, ndinaimva kwa munthu amene ananyamula nawo chitanda.

Paja kuno nguluwe sitidya, timangozipha chifukwa zimatha chimanga. Nurettin ndi mng'ono wake Hayri ankasaka limodzi. Hayri ankalowa m'tchire ndi agalu, wopanda mfuti, n'kuvumbulutsa nguluwe kuti zithamangire kumene mkulu wake wabisala. Anthu akamufunsa ngati saopa, iye ankangoseka.

"Ndiope chiyani? Mfuti yanga ndi achimwene."

Ndipo sankanama. Nurettin anali ndi kamfuti kakale, kopepuka, kamene anasaka nako kuyambira ali mnyamata, ndipo kuphonya sankakudziwa.

Chaka china kunabwera chinguluwe chachimuna, chimano chake ngati zikwakwa. Chinapha agalu awiri a eni ake n'kusesa minda. Mu tiyirumu ya pamudzi amuna anayamba kumuseka Nurettin.

"Iwe, kamfuti kako kaja n'kophera agologolo. Chimenechi ukangochikanda pamsana, chidzakuthokoza!"

Onse anafa nalo phwete. Nurettin anasekako, koma mumtima zinamuwawa. Manyazi ndi oipa, abale anga.

Anapita kutauni. Kusitolo ya mfuti anapeza mkulu wina wapakamwa potsekemera, amene anali asanamuonepo. Mkuluyo anatsitsa chimfuti chachitali, cholemera, chonyezimira.

"Bwana wanga, iyi ku Africa amaphera njati. Ukangowomba kamodzi, nkhani yatha."

"Sivuta kugwiritsa ntchito?"

"Ivute bwanji? Ndi chimodzimodzi yanuyo. Mwawomba, mwakoka chitsulo chapambalichi kuti chigoba cha chipolopolo chituluke, mwakankha, chipolopolo china chalowa. Mwamuna ngati inu ndingamuphunzitse?"

Nurettin anasiya kamfuti kake konko, n'kubwera ndi chatsopanocho. Hayri anachinyamula, n'kukoka chitsulo chija kangapo.

"Achimwene, zipolopolo zake n'zazitali, ndiye chitsulochi chimafuna kukokedwa mpaka kumapeto. Dzanja lanu linazolowera kukoka pang'ono. Yambani mwaiwomba kambirimbiri kuseri kwa phiri, kenako tipite."

"Wayamba kundiphunzitsa mfuti iwe? Samala agalu ako."

Komabe anakaiyesa yekha. Anangowomba kamodzi, mfuti inamukankha paphewa mpaka anakhala pansi. Phewa linatupa, makutu n'kumangolira. Sanaiyesenso, ndipo sanauze munthu aliyense. Hayri atamufunsa, iye anati, "Ndaizolowera kale."

Tsiku losaka linafika. Hayri analowa m'tchire ndi agalu monga mwa masiku onse. Posakhalitsa agalu anauwa, chinguluwe chija n'kutulukira poyera, pafupi zedi, malo amene kamfuti kakale kakanathetsa zonse.

Nurettin analoza bwinobwino. Koma pokhethemula, thupi linakumbukira ululu wa paphewa, ndipo anatsinzina. Chipolopolo chinalasa pamimba m'malo mwa pamtima. Chilombo chinalira, n'kutembenuka kubwerera kumene chinachokera. Kumeneko n'kumene Hayri ankatulukira.

"Achimwene, wombani!"

Nurettin anakoka chitsulo mofulumira, monga ankachitira moyo wake wonse. Anakoka pang'ono. Chigoba chinatuluka, koma chipolopolo china sichinalowe. Analoza, n'kukhethemula.

Khethe! Mfuti duu.

"Achimwene!"

Anakokanso, chitsulo n'kukodwa pakatikati. Pamene ankalimbana nacho, nguluwe inali itamugwetsa kale Hayri n'kumung'amba ntchafu. Agalu anaivuta mpaka inathawira kukhwawa.

Mayo ine! Magazi ankatuluka ngati madzi a pampopi. Nurettin anamanga bala ndi lamba wake, n'kumubereka mng'ono wakeyo kutsetsereka phiri. Ali kumsana, Hayri analankhula motsitsa mawu.

"Musadandaule, achimwene. Ndikudziwa, mfuti ndi imene yakana. Inu simungandisiye."

Nurettin anapitiriza kutsetsereka. Pofika pamsewu, anali atabereka mtembo.

Anamuika Hayri m'manda tsiku lomwelo, monga mwa mwambo wathu. Amene ankamuseka Nurettin mu tiyirumu aja anabwera onse, mitu ili pansi, aliyense akuti ndi chikonzero cha Mulungu. Ena ankanong'onezana kuti wogulitsa uja anamupatsa mfuti yakufa. Nurettin akanatha kungovomera zimenezo, anthu akanamukhulupirira. Koma ankadziwa kuti mfutiyo inalibe vuto lililonse.

Anthu atabalalika, mkazi wa Hayri, Gulizar, anabwera pamene mlamu wake anakhala. Anali atanyamula mwana wakhanda. Sanalire, sanakalipe.

"Alamu, ndikufuna ndidziwe chinthu chimodzi chokha, kuti mwanayu akadzakula ndidzamuuze zoona. Zipolopolo zinakutherani?"

"Ayi, mlamu. Zinalimo."

"Ndiye mfuti inawonongeka?"

"Ayi."

Gulizar anatembenuka n'kulowa m'nyumba. Kuyambira tsiku limenelo sanamulankhulenso. Nurettin adakali moyo, amalima munda wa mng'ono wake n'kukasiya matumba a chimanga pakhomo pa wamasiyeyo. Chitseko sichitsegulidwa mpaka iye atachoka.

Phunziro: Chida chimene ena akuika moyo wawo pa icho musachisankhe pofuna kutseka pakamwa anthu okusekani, kapena chifukwa wogulitsa wakutamandani. Sankhani chimene manja anu akuchidziwa, ndipo ngati chatsopano chakukulirani, nenani poyera nthawi ikadalipo. Manyazi a tsiku limodzi amatha, koma m'bale wanu simungamufukule. Musaisunge nkhaniyi, itumizeni kwa aliyense amene ali ndi munthu womudalira.