Nambala 412 ya Kaphokoso

Panali munthu wina, bambo wolemba mapulogalamu a kompyuta, ndipo amene anandiuza nkhaniyi akuti ankagwira naye ntchito mu ofesi imodzi. Bamboyu ndi amene anapangira sukulu ina pulogalamu yolembetsera ana. Mwana akangolembetsedwa, kompyuta inkamupatsa yokha nambala yotsatira: uyu 410, wobwera pambuyo pake 411, choncho basi. M'mawa mwana akagunditsa khadi lake pageti, pulogalamu ina inkayang'ana nambalayo n'kutumiza uthenga pa foni ya kholo wakuti, "Mwana wanu walowa pasukulu."

Mwana wamkazi wa bamboyu ankaphunziranso pomwepo, nambala 412. Kunyumba ankamutchula kuti Kaphokoso, chifukwa pakamwa pake sipankatsekeka ngakhale akutsuka mano. Kaphokoso anadwala masiku ochepa chabe n'kumwalira.

Maliro atatha, bamboyu anabwerera kuntchito. Sankalira, sankaseka. Ankafika, kukhala pampando, kuyatsa kompyuta, kuweruka. Tiyi ankazizirira m'kapu mpaka kuchita khungu pamwamba. A kusukulu atanena kuti dzina la mwanayo lichotsedwe, analichotsa yekha, ngati akuchotsa dzina la mwana wa eni ake.

Koma panatsala mpata. Pambuyo pa 411 pankabwera 413. Akangotsegula pulogalamuyo maso ake ankathamangira pomwepo, monga lilime limachitira pamene pachoka dzino.

Tsiku lina kunabwera mnyamata watsopano wochokera kusukulu ina. Bamboyu anauza mkulu wake wa pantchito, mayi amene onse ankangomuti Achemwali, kuti mnyamatayo amuika pa 412.

"Achimwene, musatero," anatero Achemwali. "Isiyeni kompyuta imupatse yokha nambala yake. Nambala ikachoka, yachoka."

"Ndi malo opanda munthu. Akungonyansa."

"Akunyansa kwa ndani? Kompyuta sidandaula ndi mpata. Nambala imeneyo inamangirizidwa ku zinthu zambiri, zina ngakhale ifeyo tinaziiwala. Komanso inu simuli bwino. Bwanji mupume kaye?"

"Ndamva, Achemwali."

Mukudziwa "ndamva" wa munthu amene watseka kale makutu. Achemwali atangotuluka, iye analemba 412 ndi dzanja lake n'kusunga. Mpata unatsekeka. Anayang'ana kanthawi, kudikira kuti mwina mtima upepuka, koma sanamve chilichonse.

Kunyumba kunali mkazi wake, telala. Chimwalirireni mwana, mayiyu ankangokhala pabedi kuyang'ana khoma. Sabata imeneyo m'pamene anali atangoyamba kudya bwino, n'kuvundukula makina ake osokera. Bamboyu anali atataya mwana, ndipo chimene ankaopa tsopano chinali kutayanso mkazi ali moyo.

M'mawa mwake mnyamata watsopano uja anagunditsa khadi lake pageti. Pulogalamu ya mauthenga sinkadziwa dzina la mwana aliyense, inkadziwa nambala yokha, ndipo pa 412 panali pakadali foni ya mayi a Kaphokoso. Foni inalira pambali pa makina osokera.

"Mwana wanu walowa pasukulu."

Mayiyu anatuluka chitseko chili pululu, tepi yoyezera ili m'khosi, patapata kuphazi limodzi. Alonda a pageti ndi amene anaimbira mwamuna wake. Bamboyu atafika anamupeza atagwira zitsulo za geti, akuyang'ana mwana aliyense wodutsa pabwalo.

"Bambo a Kaphokoso, walowa," anatero akumuonetsa foni. "Onani. Si inu munapanga zimenezi? Munkati sizinama."

"Si iye, mayi. Ndi mwana wina. Ndamupatsa nambala yake."

"Mwapatsa ndani?"

"Mnyamata wina watsopano."

Mayiyu sanakuwe. Anangoyang'ana mwamuna wake, kenaka n'kuyang'ananso foni. Anayenda limodzi kubwerera kunyumba, wina kutsogolo wina pambuyo. Atafika pakhomo m'pamene mayiyu analankhula.

"Musakonze. Uthengawu uzibwera choncho m'mawa uliwonse."

Koma bamboyu akanasiya bwanji osakonza? Mayi wa mnyamata uja anali ataimba kale kusukulu, mtima uli m'mwamba, kufunsa ngati mwana wake wafika, chifukwa iye sanalandire uthenga. Masana omwewo bamboyu anakhala pansi ndi Achemwali. Iwo sananene kuti ndinakuuzani. Anamuchotsa mnyamatayo pa 412, kompyuta n'kumupatsa yokha nambala yatsopano kumapeto. Pakati pa 411 ndi 413 panatsegukanso.

Kutacha, bamboyu anapeza mkazi wake atasamba kale, atakhala pampando wa makina, foni ili m'manja. Makinawo anali atawavundikiranso nsalu. Nthawi yolowera kusukulu inakwana, n'kupitirira. Foni inali chete.

"Lero sanafike," anatero mayiyu.

Bamboyu anaima pakhomo, chikwama chili paphewa. Amene anandiuza nkhaniyi akuti mpaka pano mayiyu m'mawa uliwonse amakhala pampando womwewo foni ili m'manja, ndipo mwamuna wake sachoka mpaka ataiika pansi.

Phunziro: Inu olemba mapulogalamu, nambala imene kompyuta inapereka yokha musaibwezerenso kwa munthu wina, ngakhale mwini wake atachoka kapena kumwalira. Simudziwa kuti yamangirizidwa ku foni ya ndani. Mpata usiyeni ukhale mpata. Ndipo mnzanu akakuuzani kuti simuli bwino, mupume kaye, mverani, chifukwa mtima ukachita dzanzi manja amalakwa osadziwa. Tumizirani uthengawu onse amene amasunga mayina a anthu m'kompyuta, asanatseke mpata wa mwana wa munthu.